Misa yakale ya Chilatini: tiwapemphe bwanji Ambuye Episkopi osaoneka ngati oukira?

Wowerenga wina walemba motere: "Bambo, ndine mkatolika, bambo wa ana anayi. M'dayosizi mwathu tilipo mabanja angapo okonda Misa yakale ya Chilatini. Kuyambira mu 2016 wansembe wina wachikulire ankatichitira Misa imeneyi kamodzi pamwezi, koma anasamutsidwa, ndipo chichokereni iwo sitinaionenso. Tinalembera kalata Ambuye Episkopi. Papita miyezi iwiri, kuli zii. Anzanga ena akuti tilembere Papa, ena akuti tiiponye nkhaniyi pa Facebook dziko lidziwe, wina akuti tingopita kwa ansembe a gulu la Pius X, amene amachita Misa yakaleyi. Bambo mfumu athu akuti Papa analetsa Misa imeneyi, ndiye kuipempha n'kusamvera. Mtima wanga sukukhazikika. Kodi tikuchimwa? Ngati sitikuchimwa, tiyambire pati?"

Achimwene, yambani mwakhazika mtima pansi. Simukuchimwa. Buku la malamulo a Mpingo limene linatuluka mu 1983, pa nambala 212, limanena zinthu zitatu motsatana. Limati akhristu azimvera abusa awo pa zimene akuphunzitsa ndi kulamula. Kenaka limati akhristu ali ndi ufulu wouza abusawo zosowa zawo, makamaka zauzimu, pamodzi ndi zokhumba zawo. Pomaliza limati munthu, malinga ndi zimene akudziwa, ali ndi ufulu, ndipo nthawi zina udindo ndithu, wofotokozera abusa maganizo ake pa zokomera Mpingo, bola achite mwaulemu ndi mosamala chikhulupiriro. Kumvera ndi kupempha zinalembedwa m'lamulo limodzi lomwelo. Amene analilemba sanaone kuti ziwirizi zikulimbana, ndiye inunso musadzizunze nazo.

Tsono za mawu a bambo mfumu. Sananame kwenikweni, koma anena theka. Pa 16 Julayi 2021 Papa Francis anatulutsa kalata ya lamulo yotchedwa Traditionis custodes. Kalatayo sinathetse Misa yakaleyi, imene imatsata buku la Misa la 1962. Inaichepetsera malo, n'kuika makiyi onse m'manja mwa episkopi wa dayosizi. Ndi iye yekha amene angalole kuti Misayi ichitike m'dayosizi mwake, motsata malangizo a ku Roma. Kumene kuli gulu lokonda Misayi, episkopi akuuzidwa kuti atsimikize kuti anthuwo sakukana Msonkhano Wachiwiri wa Vatican (msonkhano waukulu wa maepiskopi onse wa 1962 mpaka 1965) kapena Misa imene inakonzedwa pambuyo pake, awasankhire malo ndi masiku, ndipo aike wansembe wodziwa bwino Chilatini ndi mwambowu kuti aziwasamalira. Mawu a Mulungu aziwerengedwa m'chinenero cha anthu. Pali zitseko ziwiri zimene kalatayo inatseka: malowo asakhale tchalitchi cha parishi, ndipo episkopi asalole kuti payambike magulu atsopano. Wansembe amene ankachita kale Misayi apemphe chilolezo kwa episkopi kuti apitirize. Amene anadzozedwa kalatayi itatuluka kale, pempho lake liyenera kukafika ku Roma. Mu Disembala 2021 ofesi ya ku Roma yoona za chipembedzo, motsogozedwa ndi Arthur Roche, inawonjeza mayankho othina kwambiri, ndipo mu Febuluwale 2023 kunatuluka chikalata china chonena poyera kuti episkopi sangalole yekha kuti tchalitchi cha parishi chigwiritsidwe ntchito, ayenera kupempha ku Roma.

Ndakupatsani zonsezi dala, chifukwa makalata ambiri amene ndawaonapo amafera pomwepa. Anthu amatenga chitsanzo cha kalata pa intaneti chimene chinalembedwa nthawi ya Papa Benedict XVI, n'kuchikopera. Nthawi imeneyo, kuyambira pa 14 Seputembala 2007, lamulo la Summorum Pontificum linkati gulu lokhazikika la akhristu lingapemphe kwa bambo mfumu, ndipo iwo alandire pempholo mokondwa, akalephera nkhani ipite kwa episkopi. Lamulo limenelo linasinthidwa mu 2021. Episkopi akalandira kalata yomukumbutsa ufulu umene unatha, amadziwiratu kuti olembawo sanaone nkhani bwino, ndipo kalatayo imapita pansi pa zinzake.

Chinthu chimodzi chikukukomerani, ndipo muchigwiritsitse. Mwati munayamba mu 2016. Ndiye kuti inu si gulu latsopano. Ndinu gulu limene linalipo lamulo la 2021 lisanabwere, lomwe episkopi akuuzidwa kuti alipezere malo ndi wansembe akaona kuti n'koyenera. Sonkhanitsani umboni wake: masiku amene Misa inkachitika, malo, chilolezo chilichonse cholembedwa chimene wansembe uja anali nacho, mayina a mabanja amene akhala akubwera. Ngati wansembeyo angavomere kulemba mizere iwiri itatu yochitira umboni kuti ankakutumikirani, ndi chuma chimenecho.

Mwina mukudzifunsa ngati mawu a akhristu eni ake amamveka n'komwe ku likulu. Mbiri ya nkhani imeneyi ikuyankha kuti amamveka, ngakhale mochedwa. Misa imene mukuikondayi inaikidwa m'buku limodzi ndi Papa Pius V mu 1570, Msonkhano waukulu wa maepiskopi wa ku Trent utatha, ngakhale mapemphero ake ambiri ndi akale kuposa pamenepo. Buku lomaliza la mwambowu ndi la Papa John XXIII la 1962. Kusintha kutangoyamba, Papa Paul VI asanatulutse n'komwe Misa yatsopano mu 1969, amene anayamba kupempha kuti yakale isafe anali anthu wamba, aphunzitsi, oimba, maloya, amayi apakhomo. Ku France gulu la Una Voce linayamba mu 1964, ku England ndi Wales Latin Mass Society inayamba mu 1965, ndipo mu 1967 ku Zurich, m'dziko la Switzerland, magulu otere anagwirizana n'kupanga bungwe la dziko lonse, mtsogoleri wake woyamba ali Eric de Saventhem. Mu 1971 anthu otchuka oposa 50 ku Britain anasaina pempho lopita kwa Papa. Ambiri mwa iwo sanali akatolika n'komwe. Panali wolemba mabuku Agatha Christie, panali woimba vayolini Yehudi Menuhin, panalinso maepiskopi awiri a Anglican. Koma onani bwino njira imene chilolezo chinadzera. Amene anakakamba nkhaniyi ndi Papa Paul VI anali Kadinala John Heenan wa ku Westminster, ndiye kuti episkopi wa kumaloko, ndipo mu Novembala chaka chomwecho Papa analola kuti ku England ndi Wales Misa yakale izichitika pa nthawi zapadera, episkopi akavomera. Mayina otchuka anathandiza, koma pempholo linalowa pakhomo litanyamulidwa ndi episkopi.

Chilolezo chaching'ono chija chinakula. Mu 1984 Papa John Paul II anachifikitsa ku dziko lonse, ndi malire ofanana kwambiri ndi amene tili nawo lero: osati m'matchalitchi a parishi kupatula pa zifukwa zapadera, ndipo opemphawo asakhale okayikira Misa yatsopano. Mu 1988 anapempha maepiskopi kuti azipereka chilolezocho mowolowa manja. Mu 2007 Papa Benedict XVI anatsegula kwambiri, nalembera maepiskopi kuti chimene mibadwo yakale inkachiona kuti n'choyera chikhalabe choyera ndi chachikulu kwa ifenso. Mu 2021 chitseko chinathinanso. Kuchokera 1971 kufika 2007 ndi zaka 36, ndipo ambiri amene anayamba kupempha anamwalira asanaone zipatso zake. Sindikunena izi kuti ndikufooketseni. Ndikufuna muone kuti lamuloli lasinthapo kangapo m'moyo wa munthu mmodzi, ndipo nthawi zonse linkasinthira kumene anthu okhulupirika anali atakhala kale m'kati mwa Mpingo, akupempha osatopa. Papa Francis anamwalira mu Epulo 2025, Papa Leo XIV anasankhidwa pa 8 Meyi chaka chomwecho, ndipo mu Okutobala Kadinala Raymond Burke analoledwa kuchita Misa yakale m'tchalitchi chachikulu cha Petro Woyera ku Roma. Musanalembe kalata ina, funsani kwa mlembi wamkulu wa dayosizi malamulo amene akugwira ntchito tsiku limenelo, kuti kalata yanu iyime pa zenizeni.

Tibwere kwa episkopi wanu. N'chifukwa chiyani wakhala chete? Musathamangire kuganiza kuti amakudani. Pa zaka zimene ndakhala ndikuthandiza magulu a akhristu kulemba ndi kukakamba nkhani zawo ku madayosizi, ndaona kuti chete wa episkopi kawirikawiri ali ndi zifukwa zooneka. Chachikulu ndi kusowa kwa wansembe. Ansembe ambiri amene anaphunzira pambuyo pa 1970 sanaionepo Misa yakale, ndipo ngakhale lamulo nambala 249 limati ophunzira unsembe azidziwa bwino Chilatini, si maseminale onse amene amachilimbikira. Amene angathe kuchita Misayi mwina ali kale ndi matchalitchi angapo oti awayendere Lamulungu lililonse. Chachiwiri ndi malo. Ngati Misa yanu inkachitikira m'tchalitchi cha parishi, episkopi ayenera kulembera ku Roma, kudikira, ndipo akalandira chilolezo chimakhala cha nthawi yoikika. Chachitatu ndi mantha. Papa Francis, m'kalata imene analembera maepiskopi pamodzi ndi lamulo lija, anati zimene anamva pa kafukufuku wofunsa maepiskopi mu 2020 zinamudetsa nkhawa, kuti ena akugwiritsa ntchito Misa yakale pokana Msonkhano wa Vatican ndi kugawa Mpingo. Mukhoza kutsutsa kuti si onse, ndipo ine ndingagwirizane nanu, chifukwa mabanja ambiri amene ndikuwadziwa amangofuna kupemphera. Koma episkopi wanu anawerenga kalata imeneyo, ndipo akaona pempho lanu funso loyamba m'mutima mwake ndi lakuti: anthu awa ndi ana anga, kapena akufuna kundiyambitsira mpingo wina m'kati mwa dayosizi?

Ntchito yanu yonse ndi kuyankha funso limenelo iye asanalifunse. Ndinaperekezapo gulu lina kukaonana ndi episkopi wawo. Zinayamba bwino, iye atatsegula kope lake, cholembera chili m'manja. Bambo wina wa m'gululo, munthu wabwino ndithu, wopemphera, anati, "Ambuye, ife tikungofuna Misa yeniyeni." Episkopi anaika cholembera pansi, natseka kope, n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Nanga imene ndachita m'mawa uno ndi yotani?" Zimene zinakambidwa pambuyo pake zinali zongomalizitsa mwambo. Bambo uja sanafune kunyoza, koma mawu ake anatsimikizira episkopi chimene ankachiopa. Gulu lomwelo litabwereranso patapita nthawi, analankhula ndi mayi wina amene amaphunzitsa ana katekisimu ku parishi kwawo. Anatulutsa kabuku ka Misa ka malemu mayi ake, zikuto zitatha, masamba atada ndi zala, nati amapita ku Misa ya parishi mlungu uliwonse, amalandira Ukaristia mokondwa, koma mu chete wa Misa yakale ndi mmene anaphunzirira kupembedza, ndipo akufuna ana ake adzaulaweko. Tsiku limenelo episkopi anafunsa kuti ndi angati, ndipo angathe kusonkhana tsiku liti.

Choncho musanalembenso, khalani pansi nokhanokha mufunsane moona mtima. Kodi tonse tikuvomereza kuti Misa ya Papa Paul VI ndi Misa yoona, nsembe ya Khristu yomweyo? Kodi tikuvomereza kuti Msonkhano Wachiwiri wa Vatican ndi msonkhano weniweni wa Mpingo? Munthu akhoza kukonda mwambo wakale kuposa watsopano, akhoza kudandaula ndi nyimbo zosalongosoka kapena chipwirikiti pa guwa, akhoza kunena kuti pakusintha paja panatayika zinthu zamtengo wapatali, ndipo ine ndimaganiza kuti zinatayikadi. Zimenezo ndi zololedwa. Koma ngati pakati panu pali wina amene amati Misa yatsopano si Misa, kapena Papa si Papa, ameneyo asakhale wokulankhulirani, ndipo dzina lake lisakhale pa kalata. Mukambirane naye mwachikondi, koma musamuike patsogolo.

Kalatayo ikhale ya tsamba limodzi. Nenani kuti ndinu ndani, mumapemphera ku maparishi ati, mumatumikira chiyani kumeneko: kwaya, katekisimu, kuyendera odwala, bungwe la parishi. Nenani kuti gululi linayamba mu 2016. Lembani chiganizo chimodzi chomveka chovomereza Msonkhano wa Vatican ndi Misa ya masiku ano, popanda "koma" kumapeto kwake. Kenaka pemphani chinthu chimodzi chimene episkopi angathe kupereka osalembera ku Roma: Misa kamodzi pamwezi, m'katchalitchi ka masisitere, ka sukulu, ka chipatala kapena ka nyumba ya mbindikiro, pa ola losalimbana ndi Misa za parishi, yochitidwa ndi wansembe amene anadzozedwa Julayi 2021 isanafike. Ngati mukudziwa wansembe amene angavomere, yambani mwalankhula naye, ndipo musatchule dzina lake m'kalata iye asanalole. Ndaonapo ansembe achichepere akuvutika chifukwa akhristu owakonda anawatchula m'makalata osawafunsa. Asaine ndi okhawo amene azibweradi. Mayina 30 a anthu oti episkopi akabwera adzawapeza atagwada amalemera kuposa mayina 500 otoleredwa pa WhatsApp, ena a anthu a m'madayosizi ena. Ndipo bambo mfumu anu aione kalatayo isanapite. Mwina sangaikonde, koma asadzamve kwa episkopi kuti nkhosa zawo zinawadumpha.

Musapemphe zonse nthawi imodzi. Mayankho a mu Disembala 2021 aja ananena kuti Ulimbitso ndi kudzoza ansembe sizingachitike ndi mabuku akale, ndipo ubatizo, ukwati ndi masakramenti ena a mwambo wakale episkopi angawalole kokha m'maparishi apadera amene anakhazikitsidwira okonda mwambowu. Mukayika zimenezi m'kalata yoyamba, mukumupempha chimene sangapereke, ndipo "ayi" wa chimodzi amakoka "ayi" wa zonse.

Palinso njira ina imene ambiri amaiiwala, ndipo ndimamva chisoni kuti imaiwalika. Misa ya masiku ano ikhoza kuchitika m'Chilatini. Buku lake lenileni, limene linasindikizidwa kachitatu mu 2002, ndi la Chilatini, ndipo lamulo nambala 928 limati Misa ichitike m'Chilatini kapena m'chinenero china chovomerezeka. Msonkhano wa Vatican womwewo, m'chikalata chake cha 1963 chokhudza chipembedzo, unati Chilatini chisungidwe, akhristu azitha kunena kapena kuimba limodzi m'Chilatini zigawo za Misa zimene ndi zawo, ndipo nyimbo zakale za Chilatini zotchedwa Gregorian zikhale ndi malo oyamba. Mu 1974 Papa Paul VI anatumizira maepiskopi onse kabuku ka nyimbo zoterezi kotchedwa Jubilate Deo. Traditionis custodes sinakhudze zimenezi. Ndikudziwa kuti si chimodzimodzi. Mulibe mapemphero a patsinde pa guwa, Introibo ad altare Dei, mulibe Mthenga Wabwino wa Yohane wa kumapeto, pemphero lalikulu la Ukaristia limanenedwa mokweza m'malo mwa monong'ona, mawerengedwe ndi kalendala n'zosiyana. Sindingakuuzeni kuti mukhutire nayo ngati kuti mwapeza chimene munkafuna. Koma gulu limene laphunzitsa kwaya ya parishi Kyrie, Gloria, Credo ndi Agnus Dei, n'kumaimba pa Misa ya anthu onse, limakhala lapatsa parishi mphatso, ndipo dzina lake limafika kwa episkopi lili lokoma kale. Ana anunso amakhala akuphunzira.

Tiyerekeze kuti episkopi wavomera. Walira mvula walira matope. Misa yakale imafuna manja ambiri. Pamafunika buku la 1962, makadi atatu oika pa guwa, zovala zake kuphatikizapo kansalu kopachika pa mkono wamanzere wa wansembe, ndi kalendala yake, chifukwa masiku ena amasiyana: chikondwerero cha Khristu Mfumu chimagwa Lamulungu lomaliza la Okutobala, ndipo Lenti isanayambe pamakhala milungu pafupifupi itatu yokonzekera. Pamafunika anyamata oloweza mayankho onse pamtima, odziwa nthawi yosamutsa buku kuchoka mbali ina ya guwa kupita mbali ina ndi nthawi yoliza kabelu. Pamafunika timabuku tokhala ndi Chilatini mbali ina, chinenero cha anthu mbali ina, kuti mlendo asangokhala ngati wasochera. Ulendo wa wansembe ndi zosowa za eni katchalitchi zikhale pa mapewa anu. Magulu ena analandira chilolezo, n'kuchitaya okha chifukwa pakutha pa chaka pamabwera anthu asanu ndipo wotumikira kulibe. Yambani kuphunzira zimenezi tsopano, mukudikira yankho.

Tsopano maganizo atatu a anzanu. Kulembera Papa si tchimo, aliyense angalembe. Koma kalata yotere kawirikawiri imabwezedwa kudzera kwa kazembe wa Papa n'kukafika pa tebulo la episkopi yemweyo, amene tsopano wadziwa kuti munakamuneneza musanakumane naye. Lamulo limene lilipo likuti nkhaniyi ndi ya episkopi, ndiye Roma idzakubwezerani komweko.

Za Facebook ndikuletsani ndi mtima wonse. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakupeza. Mawu olembedwa usiku munthu atapsa mtima amajambulidwa, amasungidwa, ndipo amafika ku ofesi ya dayosizi kusanache. Mudzakopa anthu akutali amene sadziwa episkopi wanu, sadzabwera ku Misa yanu, koma adzatukwana m'dzina lanu. Malamulo a Mpingo, pa nambala 1373, ali ndi chilango kwa wodzutsa poyera chidani kapena kusamvera kwa Papa kapena episkopi. Ngakhale osafika pamenepo, episkopi amene wanyozedwa pagulu zimamuvuta kuvomera, chifukwa zingaoneke ngati wagonjera phokoso, ndipo magulu ena onse angaphunzirepo njira imeneyo. Ndikuchenjezeninso za makanema ambiri a pa YouTube okamba za nkhaniyi. Ena ndi ophunzitsa bwino, koma ena amadya mkwiyo wa owonera. Munthu akamawaonera tsiku ndi tsiku amayamba kupita ku Misa ya parishi kukawerenga zolakwa m'malo mopemphera.

Za gulu la Pius X ndilankhule mosamala, chifukwa ambiri amene amapita kumeneko ndi anthu ofuna Mulungu. Gululi linayambitsidwa ndi Arkiepiskopi Marcel Lefebvre mu 1970. Pa 30 Juni 1988 iye anadzoza maepiskopi anayi ku Écône, m'dziko la Switzerland, Papa John Paul II atamuletsa. Mu 2009 Papa Benedict XVI anathetsa chilango chochotsedwa mu Mpingo chimene chinali pa maepiskopiwo, koma analemba yekha kuti gululi lilibe malo ovomerezeka m'malamulo a Mpingo, ndipo ansembe ake sakutumikira movomerezeka. Pambuyo pake Papa Francis analola kuti kulapa kwa ansembe amenewa kukhale kogwira ntchito, koma zimenezo sizinathetse vuto lenileni. Kwa inu amene mukupempha kwa episkopi, kupita kumeneko n'kudula nthambi imene mwakhalapo. Ngati mukufuna ansembe odzipereka pa mwambo wakale amene ali m'chiyanjano chathunthu ndi Papa, alipo. Gulu la ansembe la Petro Woyera linayamba mu Julayi 1988, oyambitsa ake ena atachoka kwa Lefebvre chifukwa cha kudzoza kuja, ndipo pa 11 Febuluwale 2022 Papa Francis anawatsimikizira kuti apitirize kugwiritsa ntchito mabuku a 1962. Komabe nawonso salowa m'dayosizi popanda episkopi kuwaitana, ndiye zonse zikubwerera kwa munthu yemwe uja.

Mungathe kudzipanga bungwe. Malamulo nambala 215 ndi 299 amalola akhristu kuyambitsa mabungwe awo, kungoti dzina lakuti "Katolika" simungaliike pa bungwelo popanda chilolezo cha akuluakulu a Mpingo. Bungwe lokhala ndi wapampando mmodzi wodekha, mlembi ndi msungichuma limathandiza episkopi kudziwa woti alankhule naye. Mungalemberenso bungwe la dziko lonse la Una Voce kupempha malangizo, poti akhala akuchita ntchitoyi kwa zaka zoposa 50. Ndipo musaganize kuti muli nokha kapena kuti ndi za nkhalamba. Ulendo wa pansi wochoka ku Paris kupita ku Chartres ku France, wa okonda Misa yakale, wa masiku atatu pa Pentekoste, mtunda wa makilomita pafupifupi 100, unayambitsidwa ndi akhristu eni ake mu 1983, ndipo zaka zaposachedwapa wakhala ukukoka anthu oposa 15,000, ambiri achinyamata.

Nanga episkopi akakana, kapena akapitiriza kukhala chete? Lamulo nambala 57 limapatsa wolamulira miyezi itatu yoyankha pempho lofuna chigamulo, ikatha popanda yankho chimatengedwa ngati wakana. Inu muli pa miyezi iwiri, ndiye nthawi ikadalipo. Mlungu uno pitani kwa mlembi wa episkopi, mutsimikize kuti kalata inafikadi, chifukwa ena amakwiyira yankho la kalata imene inasochera panjira. Mupemphe mphindi makumi awiri zokaonana naye, anthu atatu okha. Ngati episkopi watanganidwa, vomerani kukumana ndi vikala jenerale (wachiwiri kwa episkopi) kapena wansembe woona za chipembedzo m'dayosizi.

Akakupatsani chigamulo cholembedwa chokana, pamenepo ndi pofunika katswiri wa malamulo a Mpingo, ndipo mumufune tsiku lomwelo, chifukwa masiku ake ndi ochepa. Muli ndi masiku 10 opempha episkopi mwa kalata kuti aganizenso. Iye ali ndi masiku 30 oyankha. Kenaka muli ndi masiku 15 okadandaula ku ofesi ya ku Roma yoona za chipembedzo. Zili pa nambala 1732 mpaka 1739. Ndikuuzeni chilungamo: pa nkhani imeneyi apilo sakonda kupambana, chifukwa lamulo linapatsa episkopi mphamvu yosankha, ndipo ofesi yolandira apiloyo ndi yomwe inalemba malire aja. Apilo amathanso kuumitsa mitima mbali zonse. Ine ndimalangiza kuti achitike kokha pamene pali kuphwanya lamulo kooneka, mwachitsanzo gulu lakale litatengedwa ngati latsopano popanda kulimvera n'komwe. Kupanda apo, lembani kalata yothokoza chifukwa cha yankho, mufunse chimene chingasinthe maganizo ake, ndipo mudzapemphenso chaka chamawa. Maepiskopi amasinthidwa, ansembe atsopano amabwera, malamulo a ku Roma amasuntha.

Thandizo lina ndi la mtima wanu, achimwene, ndipo limeneli musalichedwetse. Mukaona kuti mwayamba kujomba Misa ya Lamulungu chifukwa si ya Chilatini, kapena mukukayika kulandira Ukaristia m'manja mwa bambo mfumu anu, kapena ana anu akukumvani patebulo mukunyoza Papa ndi maepiskopi, pitani kwa wansembe wokhwima amene mumamukhulupirira, mukamuuze zonse, m'kulapa kapena kunja kwake. Udindo wa Misa ya Lamulungu sunachoke chifukwa wansembe uja anasamutsidwa. Ngati m'gulu mwanu mwayamba kukangana mpaka mabanja kusalankhulana, itanani wansembe kapena mkhristu wachikulire wa kunja kwa gululo adzakhale pakati panu musanapitenso ku dayosizi. Mukakaonana ndi episkopi, mundilemberenso zimene wanena, mawu ake enieni mmene mungawakumbukire, kuti tione limodzi chochita chotsatira.